Lembo lalikulu si ulemu, abale anga

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata pafupi ndi depoti ya mabasi, ndiye Chingerezi cha anthu ndimachiona chisanasambe m'maso. Lachiwiri lapitali kunabwera mnyamata wina, watchena ndithu, taye pakhosi, nsapato zowala ngati galasi. Ankafuna ndimusindikizire kalata yofunsira ntchito yomwe anailemba pafoni. Nditaitsegula pakompyuta, mzere woyamba unali wotere: "i Humbly write to your Good Office to apply for the Post of Driver as advertised on monday."

Werengani nokha. Zilembo zazikulu zilipo zisanu. Pa "Driver" tingamukhululukire poti ndi dzina la udindo womwe akufunsira, koma zinayi zotsalazo zakhala pomwe sizinaitanidwe. Malo awiri omwe Chingerezi chimafunadi lembo lalikulu, pa "I" ndi pa "Monday", mnyamatayo anaikapo tating'ono.

Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, 'Good Office' ameneyu wamukuziranji chonchi?"

Anandiyang'ana modabwa. "Achimwene, umenewo ndi ulemu. Abwana aone kuti ndawalemekeza."

Sindinamuseke, chifukwa ndinamumvetsa. Ife ulemu wathu uli m'kati mwa chinenero. Timati "inu" kwa wamkulu, timati "a Phiri", timati "bwerani" osati "bwera". Tikalowa m'Chingerezi timapeza kuti "you" ndi yemweyo kwa mwana wa kumkaka ndi kwa mfumu yaikulu. Mtima sukhazikika. Umafunafuna poika ulemu uja, ndipo umakaupachika pa zilembo zazikulu. N'chifukwa chake pa mapologalamu a maliro ndi aukwati omwe ndimatayipa pamadzaza "Our Beloved Father", "the Whole Family", "the Church Elders". Koma kwa mwini chinenerocho lembo lalikulu siligwada ndipo siliomba m'manja. Ntchito yake ndi kusonyeza poyambira chiganizo, ndiponso kunena kuti ili ndi dzina lenileni la munthu, malo kapena chinthu chimodzi chodziwika. Basi. Mulemba "Lake Malawi" chifukwa ndi dzina, koma "we swam in the lake" nyanjayo imachepa. Mulemba "Uncle John", koma "my uncle" amalumewo, ngakhale ndi eni mbumba, amakhala ndi u wamng'ono. Masiku ndi miyezi zimakuzidwa, mayina a zinenero ndi mitundu ya anthu chimodzimodzi: English, Chichewa, Malawian. Nyengo ngati "winter" ndi "summer" ayi. Musandifunse chifukwa chake, Chingerezi chili ndi makhalidwe akeake.

Ndipo pali pena pomwe lembo limodzilo limasinthiratu nkhani. "Turkey" ndi dziko, "turkey" ndi nkhukundembo. "Polish" ndi chinenero cha ku Poland, "polish" ndi uja mumapaka nsapato. "March" ndi mwezi, "march" ndi kuguba.

Kunena chilungamo, mnyamata uja sanalakwe kwenikweni, anangochedwa ndi zaka zoposa 200. Kalelo Angerezi ankakuza mayina ambiri a zinthu wamba. Mukaona malamulo oyendetsera dziko la America omwe analembedwa mu 1787, mupeza mawu ngati "People", "Order" ndi "Justice" ali ndi zilembo zazikulu pakati pa chiganizo. Ajeremani mpaka lero dzina lililonse la chinthu amaliyamba ndi lembo lalikulu. Chingerezi chinasiya, ife tinatsalira nazo. Za amene amalemba uthenga wonse ndi zilembo zazikulu pa WhatsApp sindinena zambiri: wowerenga amamva ngati mukumukalipira, ngakhale mukungomufunsa za mtengo wa feteleza.

Tsopano mpatuliro, uja ambiri timangomutchula kuti koma. (Dzina lake limandisangalatsa, chifukwa naye "koma" wathu wa Chichewa akalowa m'chiganizo nkhani imatembenuka.) Anthu amaganiza kuti kachizindikiro kameneka ndi kopumira mpweya chabe. Kafunseni kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy ya mumzinda wa Portland, m'chigawo cha Maine ku America. Lamulo la kumeneko linkatchula ntchito zomwe munthu salandira nazo ndalama za ovataimu, ndipo mndandandawo unkathera ndi mawu akuti "packing for shipment or distribution of" zakudya zosachedwa kuwonongeka. Kampani inkati pamenepo pali ntchito ziwiri, kulongedza ndi kugawa katundu, choncho madalaivala ogawa mkaka sayenera ovataimu. Madalaivala anati ayi, pakati pa "shipment" ndi "or" palibe mpatuliro, ndiye ntchito yatchulidwa ndi imodzi yokha, kulongedza, ndipo ife sitilongedza, timayendetsa galimoto. Mu 2017 khoti la apilo linagamula kuti lamulolo likumveka pawiri, ndipo poti likumveka pawiri liyenera kukomera ogwira ntchito. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Kachizindikiro kochepa kuposa njere ya mpunga, kosowa pamalo amodzi.

Mpatuliro woikidwa mawu akuti "and" kapena "or" asanabwere kumapeto kwa mndandanda amautcha Oxford comma, potengera kampani yosindikiza mabuku ya Oxford University Press yomwe imaukonda. Eni chinenero sagwirizana pa iwo. Nyuzipepala zambiri za ku Britain siziuika, osindikiza mabuku ambiri a ku America amauika. Ine maganizo anga ndi akuti muuike paliponse pomwe kusowa kwake kungabweretse mlandu. Mkwati wina anandipatsa mawu othokoza akuti "I thank my parents, the pastor and the choir mistress." Ndinamuuza kuti achimwene, momwe mwalemberamu wina atha kumva kuti makolo anu ndi abusa ndi mayi woimbitsa kwaya, ndipo amayi busa akaliwerenga pepalali ukwati wosokonekera sukhala wanu wokha. Tinaika mpatuliro pambuyo pa "pastor", mpingo unakhala pamtendere.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi nkhodolero, kachizindikiro kolendewera m'mwamba kaja komwe pa Chingerezi amati apostrophe. Ndipo apa ife tilibe chowiringula, chifukwa kachizindikiro kameneka timakadziwa kuchokera ku Chichewa chathu. Mwana wa Sitandade 3 amadziwa kuti ng'oma ndi yoimba pa gule, pamene ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Chotsani nkhodolero pa ng'ombe, mawuwo satulukanso bwino pakamwa. Nanga bwanji tikafika pa Chingerezi timangomwaza ngati mchere? Yendani mumsika uliwonse muone zikwangwani: "Chip's and Egg's", "Phone's Charging", "Tyre's for Sale". Wolemba akangoona s kumapeto, dzanja limamuyabwa. Komatu zinthu zikangochuluka sizifuna nkhodolero: chips, eggs, tyres. Nkhodolero m'Chingerezi ili ndi ntchito ziwiri. Imasonyeza pomwe lembo lachotsedwa, monga "don't" ndi "it's", zofanana ndi momwe ife timalembera "m'nyumba" kapena "n'zoona". Imasonyezanso mwini wa chinthu, ndipo malo ake ndi ofunika. "The girl's hostel" ndi hositelo ya mtsikana mmodzi, mwana wa mwanaalirenji ameneyo. "The girls' hostel" ndiyo ya atsikana onse. Pomwe ngakhale a madigiri amagwa ndi pa "its" ndi "it's". La nkhodolero ndi chidule cha "it is" kapena "it has". Losonyeza umwini lilibe kanthu, ngati momwe "his" ndi "hers" alibe. Mukakayika, werengani mokweza n'kuikapo "it is". Zikamveka zopusa, chotsani nkhodoleroyo.

Musaganize kuti ndi vuto la ife tokha. Ku England konko cholakwika chimenechi n'chofala mpaka anachipatsa dzina lonena za ogulitsa ndiwo zamasamba, poti ndi amene amalemba "apple's" pa zikwangwani zawo. Mtolankhani wina wopuma pantchito, John Richards, anayambitsa bungwe loteteza nkhodolero la Apostrophe Protection Society mu 2001. Analimbana nazo mpaka mu 2019 pomwe, ali ndi zaka 96, analengeza kuti wagonja, umbuli ndi ulesi zapambana. Khonsolo ya mzinda wa Birmingham nayo mu 2009 inaganiza zosiya kuika nkhodolero pa zikwangwani za misewu, anthu n'kuchita phokoso.

Ena a inu munena kuti, ngati eni ake akulephera, ife tivutikirenji? Pena ndimagwirizana nanu. Kaya mulemba "Mr" mopanda kadontho ngati a ku Britain kapena "Mr." ngati a ku America, kaya mitengero yanu, tizizindikiro totsekera mawu omwe munthu wayankhula, ndi ya kamzere kamodzi kapena tiwiri, sankhani njira imodzi n'kuitsata mpaka pansi pa pepala. Pocheza ndi anzanu pa Facebook lembani momwe mufunira, ine sindine mphunzitsi wanu. Koma kalata ya ntchito, mgwirizano wa lendi ya nyumba, kapena mayeso a MSCE pomwe popanda kukhoza Chingerezi satifiketi simuiona, si malo ochezera. Amene ali ndi mulu wa makalata patebulo, ntchito ili imodzi, amafuna chifukwa chochepetsera muluwo. "i" wamng'ono pa mzere woyamba ndi chifukwa chokwanira. N'zopanda chilungamo, chifukwa luso loyendetsa galimoto silikhala pa mpumiro, koma wosankhayo galimoto sanakuoneni mukuyendetsa, waona pepala lokha.

Ndi mnyamata uja tinakhala pansi n'kukonza mzere ndi mzere. Ndime yake yachiwiri inali ya mizere isanu ndi umodzi yopanda mpumiro ngakhale umodzi, ndinamuuza aiwerenge mokweza, mpweya unamuthera pa mzere wachitatu, tinaseka tonse. "Good Office" tinamuchotseratu, "Humbly" naye anapita. Tinakangana pang'ono pomaliza penipeni. Iye analemba "Yours Faithfully", ine ndikuti F ameneyo akhale wamng'ono, lalikulu ndi Y yekha.

"Achimwene, ameneyo yekha musiyeni. Kalata yonse ikhale yopanda ulemu?"

Kondakitala anayamba kuitanira basi yake kunjako, iye n'kucheuka kusuzumira pawindo. Ine ndinachepetsa F uja mwakachetechete n'kudina printi.