Mendulo za ku nkhondo sizinawagulire ufulu

Anthu timakonda kukhulupirira kuti ukakhetsera dziko magazi, dzikolo lidzakuyamika. Mbiri ya anthu akuda a ku America imanditsimikizira kuti zimenezi ndi zabodza, ndipo amene mukufuna kunditsutsa yambani mwamva za Medgar Evers.

Bambo ameneyu anapita ku France pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse atavala yunifolomu ya America. Atabwerera kwawo ku Decatur m'chigawo cha Mississippi, mu 1946 anapita ndi anzake kukavota. Anakumana ndi gulu la azungu okhala ndi zida, n'kuwabweza. Munthu woti wapulumuka kwa asilikali a Hitler anadzaphedwa ndi mfuti pakhomo pa nyumba yake ku Jackson pa 12 Juni 1963, ndipo womuphayo anapezeka wolakwa mu 1994, patadutsa zaka zoposa 30.

Nkhanza zimenezi zinayamba kale. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, anthu akuda pafupifupi 180,000 analowa m'gulu la asilikali a kumpoto. Mzungu ankalandira madola 13 pa mwezi, wakuda 10, ndipo pa 10 pomwepo ankamudula 3 ati ya zovala. Chipolopolo chinali chimodzimodzi, malipiro ndiwo ankasankha khungu. Ukapolo unathadi mu 1865, ndipo mu 1870 malamulo anati mwamuna wakuda akhoza kuvota. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuyambira mu 1890 zigawo za kummwera zinabweretsa msonkho wa povota ndi mayeso owerenga, ufulu uja n'kutsalira papepala.

Imene imandiwawa kwambiri ndi ya Isaac Woodard. Mu Febuluwale 1946 anali pa basi akubwerera kwawo, atangotulutsidwa usilikali tsiku lomwelo, yunifolomu ili m'thupi. Anakangana ndi dalaivala, ndipo ku Batesburg, South Carolina, mkulu wa apolisi anamumenya ndi chibonga mpaka maso onse awiri anachita khungu. Kukhoti wapolisiyo anamasulidwa ndi oweruza achizungu okhaokha. Tangoganizani, pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anthu akuda oposa 1 miliyoni anatumikira, koma ngakhale magazi opereka kwa ovulala ankawasunga padera, a akuda kwaokha.

Ena anena kuti pajatu Pulezidenti Truman analamula mu 1948 kuti tsankho lithe m'gulu la asilikali. Zoona. Koma sanangodzuka ndi mtima wabwino. A. Philip Randolph, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, anali atachenjeza kuti anyamata akuda ayamba kukana kulembedwa usilikali, chisankho chinali pafupi, ndiponso nkhani ya Woodard inali itamveka dziko lonse. Nyuzipepala ya Pittsburgh Courier inali itayamba kale mu 1942 kulalikira kuti akuda apambane kawiri, kunja ndi kwawo komwe.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo yosawakhudza, pamene nthawi ya mtendere palibe amawawerengera.

Chimene nkhondo inachita, m'kuona kwanga, n'kusintha anthu obwererawo. Woti waona imfa ndi maso sankaopanso mlembi wa kaundula wa ovota. Evers anakhala mlembi woyamba woyendayenda wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP ku Mississippi mu 1954, akulemba anthu m'kaundula ndi kufufuza za ophedwa, kuphatikizapo mnyamata wa zaka 14 Emmett Till. Lamulo loteteza ufulu wovota linasainidwa mu Ogasiti 1965, anthu oguba pofuna ufulu wovota atamenyedwa pa mlatho wa ku Selma, Alabama, m'mwezi wa Malichi, zaka 100 chithereni nkhondo yapachiweniweni. Evers anali atagona kale kumanda a asilikali ku Arlington.