Lekani kufowada kavidiyo ka madzi ozungulira mubeseni

Ana inu tamverani, ndalankhulapo kale pa gulupu yakwathu koma ndikuona kuti sizikumveka. Kavidiyo kaja kabweranso kachitatu sabata ino, ka mnyamata wa ku Nanyuki ku Kenya ataima pa chikwangwani cha ikweta, mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndi beseni lobowola pansi, akuthira madzi nkuponyapo kamtengo ka machesi. Akasuntha masitepe ochepa chakumpoto madzi akuzungulira uku, akabwerera chakummwera akuzungulira kwina, akaima pamzere penipeni akungotsika osazungulira. Inu basi mwafowada ndi mawu oti taonani mphamvu ya dziko, osafunsa nkomwe. Mdzukulu wanga wa Fomu 2 anakazinena mkalasi ngati sayansi yeniyeni, anabwerako nkhope ili gwa, ndipo amene anamutumizira ndi munthu wamkulu wa ndevu zake. Zinandiwawa.

Dziko limazunguliradi, izo palibe akutsutsa, ndipo mphamvu yokhotetsa mphepo ndi madzi ija ilipo, inatchedwa dzina la Coriolis, katswiri wa ku France amene anailongosola mu 1835. Koma taganizani kuchedwa kwake. Dziko limatembenuka kamodzi pa maola 24, muvi waufupi wa wotchi yapakhoma umazungulira kawiri pa nthawi yomweyo, ndiye kuti dziko likuchedwa kuposa muvi umene inu simuuona nkomwe ukuyenda. Tsono madzi a musinki amene akutha pa masekondi 20, mphamvu yofooka chonchi iwakhotetsa nthawi yanji? Chimene chimalamula mubeseni ndi mmene mwathirira madziwo, kupendekeka kwa sinki, mmene mwazulira chotsekera, ngakhale dzanja lomwe munasambira. Mutoileti ndiye musanene, madzi amalowa mopendekeka kuchokera mu timabowo ta mmphepete momwe anaiumbira ku fakitale, muinyamule mupite nayo ku London izizungulirabe momwemo.

Ndipo chimene chikundikwiyitsa kwambiri nchoti pa ikweta pomwe akujambulirapo ndi pamene mphamvuyi ili ziro. Masitepe khumi uku kapena uko sasintha kanthu. Kaonereninso bwino kavidiyoko, muone mbali imene akuthirira madzi ndi mmene akutembenukira beseni lili mmanja, ndiye mudziwa amene akuzunguza madziwo. Amachitanso zomwezi ku Kayabwe ku Uganda ndi kufupi ndi Quito ku Ecuador, alendo nkumapereka ndalama. Iye ali pa geni yake, koma inu mukumutsatsira malonda ndi bandulo yanu.

Anthu amene anafunadi kuiona mphamvuyi m'madzi anavutika nayo. Mu 1962 Ascher Shapiro wa ku yunivesite ya MIT ku America anatenga thanki yobulungira yotambalala pafupifupi mamita awiri, anadzaza madzi, navindikira kuti ngakhale kamphepo kasalowe, nkuwasiya tsiku lathunthu kuti adekhe. Potsegula kabowo kapansi madzi anatenga mphindi pafupifupi 20 kuti athe, ndipo kuzungulira kunayamba kuoneka chakumapeto, pang'onopang'ono, mosemphana ndi mivi ya wotchi. Mu 1965 ena ku Sydney ku Australia anabwereza zomwezo, kwawoko madzi anatsata mivi ya wotchi. Kuona maso a nkhono nkudekha, tsiku lonse kudikira madzi, pamene wa pa msewu uja akuti zatheka ndi madzi omwe wangokhuthula kumene mu jagi.

Ine ndinamutenga mdzukulu uja kuseri kwa nyumba, tinaboola chigubu chakale ndi msomali wamoto, tinathira madzi kakhumi. Tikathirira kumanja akuzungulira kwina, tikathirira kumanzere atembenuka, pabwalo lomwelo losasuntha. Ngakhale kamvuluvulu wa mu Okutobala amene amanyamula mapesi kumunda amazungulira mbali iliyonse, nayenso ngwamng'ono. Inuyo ndowa muli nazo, chakukanikani nchiyani kuyesa musanatumize kwa anthu 200? Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pano mwasanduka akandimverere a pa WhatsApp.

Pamene mphamvuyi imagwiradi ntchito ndi pa zinthu zikuluzikulu zotambalala makilomita mazanamazana, zoyenda masiku ambiri. Namondwe wa kuno kummwera kwa ikweta amazungulira motsata mivi ya wotchi, wa kumpoto mosemphana, ndipo pafupi ndi ikweta anamondwe sabadwa kawirikawiri chifukwa chowazunguza palibe. Anamondwe aja Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023 amene anagumula phiri la Soche matope nkukwirira nyumba ku Chilobwe, onsewo pa zithunzi za setilaiti ankazungulira mbali imodzi. Kuzungulira kwa dziko ife tinakuona pamenepo, tinaika maliro.

Ndiye zimandipweteka kuti uthenga wa a zanyengo wochenjeza za mvula yamphamvu ukabwera pa gulupu mumangoudutsa, wina mpaka kulemba kuti amangotiopseza awa, koma ka beseni mwakatumiza mmagulupu asanu usiku umodzi. Amene munatumiza kavidiyoka mukadilite lero, ndipo mukawauze ana amene munawatumizira kuti munalakwitsa, asanakazilembe pa mayeso.