Ma free radical ena ndi othandiza

Alembi, m'nkhani yanu mwati aliyense wothamanga kapena wonyamula zitsulo azimwa makapisozi a antioxidant (mankhwala ozimitsa ma free radical) ochokera ku zomera kuti ma free radical, tizinthu tomwe timapangika m'thupi minofu ikamagwira ntchito, asamuwononge minofu. Pamenepo ndiye ndakana. Ma free radical omwewo ndi amene amadzutsa thupi: minofu ikawamva imawonjezera chitetezo chakechake, monga glutathione ndi superoxide dismutase. Mukawazimitsa ndi mapiritsi, thupi limagona tulo.

Mu 2009 gulu la Michael Ristow ku Germany linapatsa anyamata ochita masewera olimbitsa thupi vitamini C 1000 mg ndi vitamini E 400 IU, omwenso ndi ma antioxidant, tsiku lililonse kwa milungu 4. Omwawo sanapeze phindu lomwe anzawo osamwa mavitaminiwo anapeza, loti thupi lizimvera bwino insulin, timadzi tothandiza kuchepetsa shuga m'magazi. Inde, awo anali mavitamini, koma nkhani yagona pa mlingo.

Komanso anzanga, kuchokera ku zomera sikutanthauza kuti sangapweteke. Mu 2018 bungwe la ku Ulaya loona za zakudya, EFSA, linachenjeza kuti EGCG, antioxidant ya m'makapisozi a green tea, ikafika 800 mg patsiku imatha kusokoneza chiwindi. Kapu ya tiyi sifika n'komwe pamenepo. Bwanji simunatchule zimenezi, chonsecho chithunzi cha botolo mwachiika pamwamba penipeni?