Ma poster a pa Canva mu phunziro la Chizungu

Maganizo anga pa zoti ana azipanga ma poster ndi timavidiyo pophunzira Chizungu: nzabwino ndithu, koma chonde aphunzitsi musamapereke malikisi chifukwa choti chinthu chakongola.

Canva, app yopangira ma poster yomwe inayambira ku Australia mu 2013, ili ndi ma template (zitsanzo zokonzedwa kale) mbweee, mwana angotola imodzi, aikepo kachithunzi ka mtengo ndi mtsinje, basi zatheka, ndipo zimaoneka ngati zapangidwa ndi kampani yotsatsa malonda. Koma taziwerengani, Chizungu chonse chili pamenepo ndi "Save our trees", mawu atatu okha. Apa mwana waphunzira chilankhulo kapena kusankha mitundu?

Ine phindu ndimaliona pa kavidiyo koti mwana ayankhule yekha. Agaweni anayianayi, afotokoze m'Chizungu kwa mphindi imodzi mmene amakazingira mandasi kapena mmene amaumbira njerwa, koma ayambe alemba script (mawu omwe ayankhule) pa pepala inu muichonge, kenako ajambule, ma subtitle (mawu olembedwa m'munsi mwa vidiyo) ataipe okha pa CapCut, app yokonzera mavidiyo, osati zija zoti app ilembe yokha ayi. Mwana uja amene m'kalasi amangoti zii kuopa kusekedwa akadzimva pa foni akunena "light" pomwe amafuna kunena "right", amafufuta nkuyambiranso osauzidwa ndi munthu, mpaka lilime lizolowere. Pa subtitle paja sipobisalika, spelling ikakhota anzake amaiona pompo, ndiye mkangano womwe umabuka woti ndi "their" kapena "there" umaphunzitsa kuposa manotsi a pa bolodi.

Tisaiwalenso kuti ukalephera Chizungu pa MSCE satifiketi palibe, ndipo mayeso a MANEB ndi cholembera ndi pepala, composition, summary, note making. Nchifukwa chake ndikukakamira pa script, malikisi ambiri apite kumeneko ndi ku kayankhulidwe, zokongoletsazo zitenge pang'ono.

Ndikudziwa ena munena za bando ndi zoti masukulu ambiri salola mafoni, zoona. Koma kujambula vidiyo sikufuna intaneti, foni ya aphunzitsi imodzi ikhoza kuzungulira magulu onse sabata yonse, ndipo komwe kuli kompyuta ma poster akhoza kupangidwa pa pulogalamu ya PowerPoint, yomwe imagwira ntchito popanda bando. Chovuta ndi kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo, kuchonga ma script onsewo kumafuna nthawi yomwe mphunzitsi mmodzi alibe, ndiye mwina kamodzi pa teremu nkokwanira.