Mwezi wa 13: internship ya kwathu ndi ya anzathu a ku Zambia, Tanzania ndi Joni

Msuweni wanga anamaliza digiri yake bwinobwino, anakhala pakhomo zaka ziwiri akungotumiza ma CV, kenako mwayi unamupeza analowa internship pa ofesi ina yomwe sinditchula dzina. Tsiku loyamba anavala shati yoyera yosita bwino, nsapato zopolisha, atafika anamuonetsa mpando wapakona pafupi ndi makina ofotokopera ndipo mpando umenewo ndi womwe anakhalapo pafupifupi miyezi inayi, kufotokopa, kunyamula mafayilo, kutumidwa kukaitana dalaivala. Anthu a pa ofesipo sanali oipa mtima ayi, kungoti panalibe munthu yemwe anauzidwa kuti mwanayu ndi wako, umuphunzitse chakuti ndi chakuti. Anapulumukira kwa mayi ena a ku akaunti omwe anamumvera chisoni nkumuuza kuti mwanawe bwera ukhale apa uone momwe timalembera mavaucha. Miyezi 12 itakwana anamupatsa kalata ya mizere isanu, anabwerera pakhomo, ndipo m'nyuzipepala zotsatsa ntchito zinali zikunenabe zomwe zija, tikufuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka zitatu.

Nkhani yake ndi yomwe inandipangitsa kuyamba kufufuza kuti kodi anzathu otizungulirawa amatani, poti vutoli si lathu tokha, achinyamata omaliza sukulu achuluka kuposa ntchito paliponse m'chigawo chino. Ndipo funso lomwe ndimafunsa pa pulogalamu iliyonse ndi limodzi basi, kuti mwezi wa 13 ukafika mwana uja amalowera kuti.

Ndiyambe ndi kwathu kuti tisamaoneke ngati palibe chomwe chikuchitika. Boma linayambitsa pulogalamu ya internship ya omaliza ku yunivesite mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito, achinyamata nkumatumizidwa m'maunduna, m'madipatimenti ndi m'makhonsolo, ndipo alawansi yoyambira inali K80,000 pamwezi. Ine ndimaiyamikira pulogalamuyi, pali anthu omwe anaonera mkati mwa ofesi koyamba chifukwa cha iyo, ena anadziwika ndi mabwana nkudzalembedwa ntchito pambuyo pake. Mbali ya ntchito zamanja tili ndi TEVETA yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka levy ya 1 peresenti ya ndalama zamalipiro kuti zithandize maphunziro a luso. Tili ndi makoleji akale aja a Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera omwe anayamba mu 2015. Wofuna bizinesi amauzidwa kuti apite ku thumba la boma lobwereketsa ndalama akatenge ngongole. Ndiye zida zilipo ndithu. Chomwe chimandipweteka nchoti internship yathu yatsamira kwambiri pa boma, ndipo boma lomwelo silingalembe ntchito aliyense amene lamulandira ngati intern, pamene makampani omwe akanatha kumusunga mwanayo alibe chifukwa chenicheni chomutengera. Kampani imalipira levy yake nkumaona ngati ndi msonkho wina uliwonse, nkhani yathera pomwepo.

Apa mpomwe ku South Africa amandichititsa chidwi, ngakhale ndidzanena zolakwika zawo pansipa. Iwonso ali ndi levy ya 1 peresenti ngati ifeyo, lamulo lake ndi la mu 1999 ndipo imakhudza olemba ntchito omwe malipiro awo onse amadutsa R500,000 pachaka. Koma ndalamayo imapita ku mabungwe otchedwa SETA, alipo 21, lililonse loyang'anira gawo lake, kaya zamabanki, zomangamanga, zaulimi, zamigodi, ndipo kampani ikaonetsa pulani yake yophunzitsira antchito imabwezeredwako gawo lina la ndalama ija. Taonani kusiyana kwake, bwana wa kampani akudziwa kuti akaphunzitsa munthu ndalama ina ibwerera m'thumba mwake. Ali ndi chinthu chomwe amachitcha learnership, mgwirizano wosainirana anthu atatu, wophunzira, kampani ndi sukulu yophunzitsa, mwana amakhala masiku ena m'kalasi masiku ena pantchito, ndipo pamapeto pake amatuluka ndi setifiketi yodziwika m'dziko lonse osati kalata ya mizere isanu ngati ya msuweni wanga ija.

Sizinathere pamenepo. Kuyambira Januwale 2014 ali ndi Employment Tax Incentive, yomwe imachepetsa msonkho womwe kampani imapereka ikalemba wachinyamata wa zaka 18 mpaka 29 wolandira malipiro ochepa, kwa miyezi yofika 24. Mu Malichi 2018 a Cyril Ramaphosa anakhazikitsa YES, yomwe imapatsa wachinyamata miyezi 12 yogwira ntchito yolipidwa ndi makampani, ndipo kampani yotenga nawo mbali imakwera pa mulingo wawo wa B-BBEE, woona momwe kampani ikutukulira anthu akuda pachuma, womwe umathandiza popeza makontirakiti. Kulinso Harambee yomwe inayamba mu 2011 kulumikizitsa achinyamata ndi olemba ntchito, komanso tsamba la SA Youth lomwe munthu amalowapo osadya bandulo. Ka bandulo aka musakaone kuchepa, munthu wosagwira ntchito kuti apeze ndalama ya intaneti yofufuzira ntchito ndi nkhondo payokha, ndipo amene anaganiza zimenezi anali atakhalapo pafupi ndi munthu wovutika.

Koma ndisakunamizeni kuti ku Joni zonse zili bwino. Ndi mapulogalamu onsewa ulova wa achinyamata kumeneko ndi umodzi mwa waukulu kwambiri padziko lonse, mwa a zaka 15 mpaka 24 omwe akufuna ntchito oposa theka alibe. Achinyamata a kumeneko amadandaula zoti amachoka learnership iyi nkulowa ina, chaka ndi chaka, ma setifiketi kudzadza envulopu koma ntchito yokhazikika osaiona, ndipo makampani ena amatenga ana nkuwasiya nthawi ikatha kuti atenge ena atsopano. Ndiye ngakhale kumeneko mwezi wa 13 ulipo ndipo ukuwawa. Chuma chikapanda kukula palibe pulogalamu yomwe ingabereke ntchito. Ndiponso abale anga amene mukuganiza zokwera basi, dziwani kuti mapulogalamu ngati YES anapangira nzika zawo, si athu.

Ku Zambia njira yawo ndi ina. Chosangalatsa nchoti nawonso bungwe lawo limatchedwa TEVETA, lamulo lake la mu 1998, chaka chimodzi tisanakhale ndi lathu, ndipo levy yawo ya luso inayamba mu 2017 pa theka la peresenti, yochepa kuposa yathu. Koma chomwe chinasintha zinthu ndi CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Mu bajeti ya 2022 boma la a Hakainde Hichilema linakweza ndalama ya dera lililonse la phungu kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya ndalama zawo, madera onse 156, ndipo mkati mwa ndalamayo munaikidwa gawo la ma bursary a maphunziro a luso komanso gawo lothandiza magulu a achinyamata ndi amayi, ina yongopatsa ina yangongole. Kutanthauza kuti mnyamata wofuna kuphunzira zamagetsi kapena kuwotcherera amakalemba fomu kudera kwawo komweko kudzera ku komiti ya wadi, sachita kudikira kuti dzina lake lituluke kulikulu. Chaka chomwecho analemba aphunzitsi opitirira 30,000 ndi ogwira ntchito zachipatala opitirira 11,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwowa anali atakhala zaka akudikira. Kumeneku si internship ayi, ndi ntchito yeniyeni, ndipo ndikuona kuti pa aphunzitsi ndi anamwino yankho lolondola ndi limenelo, munthu amene anachita kale teaching practice kapena anagona m'mawodi akuphunzira sakufunikanso kuyesedwa chaka china pa alawansi.

Nkhawa yanga ndi njira ya ku Zambia ndi yomwe aliyense wa ife angaiganize, ndalama ikayandikira kwa anthu imayandikiranso kwa andale a m'deralo, ndipo mwana wopanda womudziwa akhoza kutsalabe. Kwinanso kunamveka zoti ndalama zimachedwa kugwiritsidwa ntchito kaamba ka ndondomeko zambirimbiri. Komanso kuphunzitsa achinyamata 50 kusoka m'dera limodzi sikutanthauza kuti onsewo apeza makasitomala.

A ku Tanzania ndiwo amatolera zambiri kwa olemba ntchito, levy yawo inatsitsidwa kangapo koma mu 2023 inali pa 3.5 peresenti, kutalitali ndi yathu. Ali ndi VETA kuyambira 1994 yoona zamaphunziro a ntchito zamanja, ndipo TaESA ndi yomwe imathandiza kutumiza omaliza maphunziro kukachita internship. Koma chomwe ndimachikonda kwa iwo ndi lamulo loti khonsolo iliyonse izipatula 10 peresenti ya ndalama zomwe yatolera yokha nkuzibwereketsa popanda chiwongoladzanja, 4 kwa amayi, 4 kwa achinyamata, 2 kwa anthu aulumali. Ubwino wake ngwoti ndi lamulo, sichifundo cha amene ali pampando chaka chimenecho. Koma mu 2023 boma linayamba laimitsa ngongolezi kaamba koti zambiri sizimabwezedwa ndipo ena amapanga magulu abodza kuti atenge ndalama, mpaka anakonzanso ndondomeko. Ifenso nyimbo imeneyi tikuidziwa, ngongole za boma anthu ambiri amaziona ngati mphatso, ndipo amene amavutika ndi mwana wobwera pambuyo yemwe amapeza thumba lauma.

Ndipo pali chinthu china chomwe chimandivuta ndi maiko onse atatu, ife, Zambia ndi Tanzania, tikasowa chomuchitira wachinyamata timathamangira kumuuza kuti yamba bizinesi. Sikuti aliyense anabadwira bizinesi. Munthu wa zaka 23 amene sanagwirepo ntchito pansi pa wina aliyense, sanaonepo momwe invoisi imalembedwera, sanakanidwepo ndi kasitomala, kumupatsa ngongole ndi kumusenzetsa katundu woti msana wake sunakhwimire. Amisiri ambiri omwe zikuwayendera anayamba ndi kugwirira munthu wina zaka zingapo, kuphunzira ntchito ndi kudziwana ndi anthu, kenako nkudzatsegula chawo. Ndiye internship yabwino ndi ngongole sizolimbana, koma yoyamba izikhala internship.

Mukandifunsa kuti titengeko chiyani, ine ndingayambe ndi cha ku Joni chija chomupatsa wolemba ntchito chifukwa. Levy tikutolera kale, ndiye bwanji kampani yomwe yatenga intern, yamuphunzitsa zenizeni ndipo yamusunga nthawi itatha, isamaone phindu lake poyera, kaya pobwezeredwa gawo looneka kaya pochepetseredwa msonkho. Ndipo phindu lalikulu lizibwera pomusunga osati pongomutenga, kuti tipewe zija zosinthasintha ana chaka chilichonse. Chachiwiri ndi mgwirizano wolembedwa, tsiku loyamba intern azidziwa dzina la womuyang'anira ndi zinthu zomwe akuyenera kukhala atazidziwa pakutha pa miyezi itatu, isanu ndi umodzi, mpaka 12, ndipo pomaliza pepala lomwe apatsidwe lizinena ntchito zomwe wagwira mwatsatanetsatane. Izi sizifuna ndalama zambiri, zimangofuna kuti wina akhale pansi alembe. Boma lenilenilo likamatsatsa ntchito zoyambira liziwerengera chaka cha internship ngati chaka chogwira ntchito, chifukwa ngati amene anakutumiza sakuchiwerengera ndiye kampani ingachiwerengere bwanji.

Za alawansi ndinenepo pang'ono poti anthu ena amati bola akuphunzira asadandaule. Intern amakwera galimoto kupita kuntchito, amalipira lendi, amayenera kuoneka bwino. Alawansi ikakhala yochepa kwambiri kapena ikachedwa miyezi iwiri, amene amapirira ndi mwana yemwe makolo ake ali ndi kenakake, wosauka uja amasiyira panjira, ndiye pulogalamu yomwe inabwera kudzathandiza osowa imathera kuthandiza omwe anali ndi podalira kale. Za internship yosalipira konse yomwe mabungwe ena amatsatsa mopanda manyazi ndiye ndimaikana kotheratu.

Kwa a Zambia ndingatengeko zoti fomu izipezeka pafupi, mwana wa kumudzi asamamve za mwayi tsiku lotsekera litadutsa, ndipo mayina a osankhidwa azimatidwa poyera kuti aliyense aone. Kwa a Tanzania ndingatengeko zoika gawo la achinyamata m'lamulo, koma titaphunzira kaye pa zomwe zinawachitikira mu 2023.

Msuweni wanga uja pano akusunga mabuku a ndalama pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu. Pa intaviyu sanamufunse za digiri kwambiri, anamupatsa mulu wa malisiti nkumuuza kuti tasanja tione, ndipo anasanja momwe mayi a ku akaunti aja anamuonetsera. Anzake anayi omwe analowa nawo internship tsiku limodzi, m'modzi yekha ndi amene ali pantchito, atatu enawo akutumizabe ma CV.