Ku Hegra n'kumanda, tizipitako ndi ulemu

Ndabwerako ku Hegra abale anga, ndipo pali chinthu chimene chandikhala pamtima.

Ambiri mukamva za Anabatea, mtundu wakale wa Aluya, mumaganiza za Petra ya ku Jordan. Koma anthu omwewa anali ndi mzinda wina, Hegra, kummwera, makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Petra, m'dera la AlUla ku Saudi Arabia. Ena amati Mada'in Salih. M'chipululu muno muli matanthwe ataliatali omwazikana pamchenga, ndipo m'matanthwemo anasemamo manda akuluakulu 111. Mu 2008 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse, oyamba m'dziko lonse la Saudi Arabia.

Basi itaima pa Qasr al-Farid, thanthwe lija loima lokha, anthu anatsika ndi mafoni m'manja. Wina kudumpha kuti amujambule ali m'malere, wina kuseka mokuwa, wina kutsamira pakhomo. Mtima wanga unawawa. Chija amachitcha nyumba yachifumu, koma si nyumba ayi. Ndi manda a munthu, ndipo dzina lake likudziwika: Lihyan mwana wa Kuza. Kwathu munthu sulowa kumanda chilowelowe osapempha kwa amfumu, nanga bwanji kwa eni ake tikuchita ngati tili pamsika?

Ine ndinasendera pafupi n'kuyang'ana m'munsi. Pamwamba posalala bwino, mizati yoongoka ngati aimaliza dzulo. Koma ukamatsika ndi maso, thanthwe limayamba kukhakhala, mabala a tchizulo akuoneka limodzilimodzi. Amisiriwo ankasema kuyambira pamwamba kutsika pansi, ndipo pano ntchito inathera panjira. Ndinaima nthawi yaitali pamenepo, kuganizira munthu amene anaika zida pansi tsiku lina madzulo, mwina akuti mawa apitiriza.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi zolemba za pamwamba pa makomo. Sikuti ndi zokongoletsa chabe. Zimanena mwini manda, abale amene ali ndi ufulu woikidwamo, chaka cha ufumu wa mfumu imene inkalamula, ndipo zina zimatchulanso mmisiri amene anasema. Kenako chenjezo: wogulitsa mandawa kapena woikamo mlendo, milungu imutemberere, alipirenso chindapusa. Ena mwa eni mandawa anali amayi, monga Hinat mwana wa Wahbu, amene anasemetsa manda ake ndi a mbumba yake. Anthuwa anapempha chinthu chimodzi chokha, anachilemba pamwala kuti chisafufutike: mutisiye tigone mumtendere. Papita zaka pafupifupi 2,000, pempholo likadali pomwepo.

Ndipo si anthu achilendo kwenikweni kwa ife owerenga Baibulo. Manda ambiri anasemedwa m'nthawi ya mfumu Aretas IV, yemwe uja Paulo akumutchula pa 2 Akorinto 11:32, pamene anathawa ku Damasiko atamutsitsa mu dengu. Chuma cha Anabatea chinkachokera ku ngamila zonyamula lubani ndi mure kuchokera kummwera kwa Arabia. Anakumba zitsime zoposa 100 m'dziko louma gwa, n'chifukwa chake amalonda sankalambalala pano. M'chaka cha 106 Yesu atabadwa, Aroma analanda ufumu wawo.

Sindikuti anthu asamapiteko kapena asamajambule. Inenso ndajambula. Ndalama za alendo n'zimene zikuthandiza kusamala malowa, ndipo achinyamata a ku AlUla amene amaperekeza alendo amafotokoza mbiriyi ndi mtima wonse. Koma mukadzapeza mwayi, tsitsani mawu. Musagwiregwire makoma, mwala wake ndi wamchenga, umaperesuka. Mufunseni wokuperekezaniyo akuwerengereni dzina lolembedwa pakhomo musanatulutse foni.

Titabwerera m'basi, mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anali chete njira yonse, akupukuta mchenga pa nsapato. Sitinkamvana chilankhulo. Anangondilozera thanthwe lija pawindo, n'kuika dzanja pachifuwa.