Chipinda cha ana anga chinachokera kwa atelala ndi m'mbali mwa msewu

Amayi anzanga, chitumizireni chithunzi cha chipinda cha ana anga chija, ambiri mwakhala mukufunsa kuti katunduyo ndinaitanitsa kuti. Wina mpaka anafunsa ngati anachokera ku Joni. Ayi ndithu, zonse zija ndi za konkuno, ndipo nkhani yake imandikhudza mtima, choncho mundilole ndiifotokoze bwinobwino.

Ndinkasunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndidzagule makatani a zidole ndi timashelefu tapulasitiki tochokera kunja. Kenaka mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'mashopu n'kuuluka. Ndalama zanga zija zinangokwana katani imodzi. Tsiku lomwelo ndinadutsira kwa atelala anga kukatenga yunifolomu ya mwana, ndipo pansi pa makina panali mulu wa zigamba zoti zikatayidwe. Ndinawapempha kuti azindisungira. Patatha miyezi itatu ndinali ndi thumba lodzaza.

Pa zonse za m'chipindamo, chimene ndimachikonda koposa ndi chofunda cha zigamba chimene tinasoka. Sindinangotenga za kwa atelala zokha. Ndinatsegula sutikesi yanga n'kutulutsa zitenje zakale zimene sindinkavalanso koma mtima sunkalola kuzitaya: cha pa chinkhoswe changa, cha pa ukwati wa mng'ono wanga, cha kumpingo chimene chinasuluka ndi dzuwa, ndi nsalu ya malemu agogo anga imene inali itang'ambika m'mphepete. Pakati penipeni ndinaika mbereko imene ndinaberekera ana onse atatu. Atelala anadula tizidutswa tofanana, ine n'kuyala pansi kuti ndione mitundu yogwirizana, iwo n'kulumikiza, kunsi kwake n'kuikako bulangete lopyapyala la pa kaunjika. Masiku ano mwana wanga wachisamba akamagona amaloza chigamba n'kufunsa kuti, "Amayi, ichi chinali cha ndani?" Ndimamuuza za agogo amene sanawaone, mmene ankatibulira chinangwa, mmene ankaimbira akamasinja. Usiku wina ndinamva akufotokozera mng'ono wake nkhani zomwezo, mawu ake ali pansipansi, ndipo ndinaima pakhomo osafuna kuwasokoneza.

Mukafuna kusoka chanu, chapani zigamba zonse kaye musanazilumikize. Zitenje zina zimatuluka utoto, makamaka zofiira, ndipo zina zimafupika zikalowa m'madzi koyamba.

Zidole timasunga m'madengu atatu a nsungwi, mwana aliyense lake. Dengu ndi lopepuka, mwana wa zaka zitatu amalikoka yekha, ndipo likagwa silisweka. Musanalipereke kwa mwana, pitani ndi chala m'mphepete monse, pamene pali kansungwi kotuluka mudule ndi kupala. Kamodzi pa mwezi muziliyanika padzuwa kuti lisafumbwe. Pakhoma ndinapachika malichero awiri, ana anajambulamo nsomba ndi dzuwa. Apongozi anga atabwera anayang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Lichero la pakhoma, nanga mupetera chiyani?" Koma ulendo wotsatira iwo omwe ananditengera lina laling'ono lolukidwa bwino kwambiri, akuti likhale la mdzukulu wawo wamkazi.

Pansi ndinayala mkeka wa mlaza umene ndinagula pochokera ku Salima. Mphasa ya bango ndi yolimba, koma imatsina tizala ta mwana wokwawa, mkeka ndiye wofewa.

Tsono pali chinthu chimene chimandiwawa. Mipando yolukidwa imene timaiona m'mbali mwa misewu yathu imagulitsidwa m'mashopu apamwamba ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo dzina lake kumeneko ndi "Malawi chair". Anthu akunja amaiika pabalaza monyadira. Ife eni ake timaima pamsewu n'kumanenerera mtengo mpaka woluka atagonja chifukwa kunyumba kwake kulibe ufa. Chonsecho tikalowa m'shopu yaikulu timalipira mtengo wolembedwa pa chidole chapulasitiki popanda kutsegula pakamwa. Bambo amene anandilukira kampando ka mwana wanga anandionetsa manja awo, odzaza zipsera za nsungwi. Ndinalipira mtengo umene ananena. Kunenerera sikulakwa, ndi chikhalidwe cha msika, koma tizikumbukira masiku amene munthu wakhala pansi akuluka.

Zina zonse anapanga ndi ana eni ake. Pawindo pali ng'ombe zadongo zisanu, dongo lake tinakatapa kudambo tili kumudzi pa holide. Galimoto yawaya anapangira limodzi ndi bambo awo, mawilo ake a zitsekerero za mabotolo, ndipo madzulo amenewo bambo awo anaiwala foni kwa maola atatu. Zitsekerero zomwezo timawerengera masamu. Aphunzitsi athu amaphunzira zimenezi ku koleji, amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndipo sindiona chifukwa choti nzeru imeneyi izithera m'kalasi. Guluu sindigula. Ndimaphika kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, kakazizira kamamata mapepala bwinobwino. Zikamba za malambe tikadya zam'kati timazitsuka n'kuikamo mapensulo.

Pojambula timagwiritsa ntchito makala, choko ndi dothi la katondo losungunula m'madzi. Wina anandiuza kuti zimenezi n'zachimidzi. Ndinamuyankha kuti apite ku Chongoni, ku Dedza, akaone zojambula za pamiyala zimene zili pa malo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina mwa izo zokhudza chinamwali cha atsikana. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo amenewa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Makolo athu ankajambula ndi zimene nthaka inawapatsa, ndipo mwana wanga akamapaka katondo papepala ndimaona kuti sali kutali nawo.

Sikuti sindigula kanthu ayi. Makapu a ana ndinagula ku Dedza Pottery, ndipo ka njovu kosema kali pashelefu kanachokera ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe a ku Mua. Chinanso chimene ndinagula mosanyinyirika ndi nyali ya sola. Kandulo ndi neti ya udzudzu m'chipinda cha ana n'zosayenera kuyandikana ngakhale pang'ono, ndipo magetsi akazima sindifuna kuti mwana aziyenda ndi moto m'manja. Chenjezo lina ndi la mikanda, zitsekerero ndi njere za bawo. Mzime wanga akadali pa msinkhu woika chilichonse m'kamwa, choncho zimenezi zimakhala m'chitini chotseka pamwamba pa kabati, zimatsika iye akagona.

Pa chithunzi chija simunaone zonse. Ng'ombe imodzi inathyoka nyanga, dzuwa la pa lichero linapendama, ndipo pakhoma pali dzanja la katondo limene sindinalifufute chifukwa mwini wake amabwera kudzaliyeza ndi dzanja lake kuti aone ngati wakula. Loweruka likubwerali ndikupitanso kwa atelala, akuti thumba lina ladzaza. Ulendo uno tikusoka katani, ndipo wachisamba wanena kale kuti mitundu asankha yekha.